Mfundo pa Chingwe cha Thanga Lalikulu

Amene anapha amuna anga, a Alufeo, ndi akulu awo a bere limodzi, a Timoteyo, omwewo amene amakhala kutsogolo m'tchalitchi muno n'kumayambitsa nyimbo. Sanawaphe ndi nkhwangwa kapena ndi mankhwala. Anadula chingwe cha eni ake, anachilumikiza ndi mfundo, anachibweza m'thumba, kenaka ananama. Lero akuyenda m'mudzi muno kumanena kuti mfiti ndine, ndipo akuti Loweruka likudzali, tikangometa, atenga ana anga Monika ndi Ezara, ine ndipinde mphasa yanga ndibwerere kwathu ku Linthipe.

Ndine Falesi, amene mumanditcha Namwale. Ndalemba izi kuti ziwerengedwe pamaso pa akulu a mpingo ndi onse amene anali kumanda tsiku loika apongozi anga, chifukwa ndikati ndilankhule pabwalo mumanditseka pakamwa kuti wamasiye sakweza mawu.

Ambiri a inu kuno ku Mphunzi nyanja mumangoimva. Mukudziwa kuti amuna anga ankayendetsa ngolo pa famu ya mzungu uja timamutcha Bwana Kachewere, kufupi ndi boma. Mzunguyo ali ndi boti loyenda ndi mphepo, amalisunga kunsi kwa Mtakataka. Ataona kuti bambo a Monika ali ndi manja a zingwe, anayamba kuwatenga akamatsikira kunyanja. Munthu wa kumapiri, wosadziwa n'kusambira komwe, koma ntchito ija anaikonda kuposa ng'ombe.

Botilo lili ndi mtengo wautali pakati, mlongoti. Kumbuyo kwa mlongoti kuli thanga limene silichoka. Kutsogolo ndiye amasinthasintha: mphepo ikachepa amakweza thanga lalikulu, ikakula amakweza laling'ono. Thanga lililonse lili ndi zingwe zake ziwiri, zomangidwa pa mphete ya mkuwa pa ngodya yake, china cha kumanja kwa boti, china cha kumanzere.

Mvula ikayamba, bwana ankawapatsa matanga aja kuti abwere nawo kunyumba kwathu, chifukwa kunyanja amachita nguwi ndipo kusitolo ya pa famu kuli makoswe. Tinkawasoka ife awiri. Tsiku lina kutawala dzuwa anamangirira thanga lalikulu ku mtengo wa pichesi uja wa kuseri kwathu, nakhoma zikhomo pansi.

"Amake Monika, tabwerani mukhale bwana."

"Ndikhale bwana ufa uli pamphasa?"

"Bwana saingitsa nkhuku. Gwirani apa."

Ndinagwira. Chingwe choyera cha thonje, chonenepa ngati chala chachikulu, chofewa ngati nsalu yochapidwa. Monika anamuika kutsogolo kuti akhale mphepo, mwana anauzira mpaka masaya kuwawa.

"Ili ndi lalikulu," anatero. "Ngodya yake imapitirira mlongoti, ndiye zingwe zake n'zazitali. Zimadutsa kunja kwa mawaya ogwira mlongoti n'kukalowa m'kagudumu ka kumbuyo. Chikhomo ichi ndiye kagudumuko. Laling'ono zingwe zake n'zazifupi, zimadutsa mkati mwa mawaya, kagudumu kake ndi aka ka kutsogolo."

"Nanga mutasinthanitsa?"

"Inu mutavala kabudula wa Ezara?"

"Mwano umenewo."

"Chachifupi sichifika n'komwe kumbuyo. Koma mverani ichi. Chingwe cha boti sichifuna mfundo pakati. Kabowo ka kagudumu n'kongokwana chingwe basi. Mphepo ikabwera yaukali umataya chingwe kuti chithamange, thanga likhutule mphepo. Chikapanda kuthamanga, boti limagona."

"Likagona?"

"Mwagona nalo."

Tinaseka. Titamaliza kusoka tinapinda thanga lililonse ndi zingwe zake m'thumba lake, tinamanga kukamwa, tinapachika kudenga.

Mwezi wa Febuluwale apongozi anga aakazi anamwalira. Bambo a Monika anali atapita ku Lilongwe ndi lole ya bwana, mtsinje wa Linthipe unadzaza, msewu unatsekeka. Maliro sakanadikira. A Timoteyo anakhometsa bokosi la matabwa abwino, lokutidwa ndi nsalu yakuda, ndipo anafuna kuti anthu akalikambe. M'mawa wa tsiku loika anafika kunyumba kwanga.

"Mlamu, tsitsani thumba lija lalikulu."

"Ndi la bwana, alamu."

"Ndikufuna zingwe zokha. Amayi sangatsike ndi zingwe za ng'ombe zamatope."

"Bambo a Monika anati munthu asalikhudze."

"Alufeo ndinamubereka kumsana ine. Inu mwabwera dzulodzuloli, ng'ombe zathu zikanali kulira m'khola la kwanu. Tsitsani."

Ndinakana. Anandikankhira pambali ndi chigongono, anakwera pa mtondo, anatsitsa okha.

Kumanda ife amayi tinaima kumbuyo monga mwa mwambo. Ndinangoona kuyera pakati pa miyendo ya amuna, ndipo ndinamva ena akunong'ona kuti taonani zingwe, ngati akuika mfumu. Zingwe zinali zingati, sindinathe kuona. Patapita masiku thumba linabwera lomanga bwino kukamwa, analibweretsa mkazi wawo.

Bambo a Monika atafika analira amayi awo pa manda okwirira kale. Ndinadikira misozi iphwe, ndipo ndinawauza. Anapita kukafunsa, ine ndili pambuyo. A Timoteyo anali pakhonde ndi amuna ena.

"Achimwene, ndamva munabwereka zingwe za bwana."

"Ndinabweza momwe ndinatengera. Ndinachita kuzichapa ndi sopo."

"Zili bwinobwino?"

"Amayi aikidwa iwe kulibe. Dothi silinaphwe, wabwera kudzandisecha ngati wapolisi? Kapena wakutuma mkaziyu?"

Amuna anga anawerama, anapepesa. Titafika kunyumba ndinati titsegule thumba tione. Anakana.

"Kutsegula thumba limenelo ndiye kunena kuti akulu anga ndi abodza."

"Tingotsegula ife awiri, adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine."

Linakhala kudenga mpaka mvula inatha.

Mwezi wa Meyi bwana anafuna kutsikira kunyanja. Khukhi wake anadwala, ndiye anati Alufeo abwere ndi mkazi wake, aziwiritsa tiyi ndi mbatata. Ine sindinafune. Madzi amene ndimawadziwa ndi a pachitsime ndi a Linthipe, amene umaona tsidya lake. Koma mawu a bwana sakanidwa. Ana tinawasiya kwa mkazi wa a Timoteyo.

Tinatsika ndi lole msewu uja wokhotakhota wa ku Golomoti, makutu anga anatseka. Kunsi kunali kutentha ngati m'khitchini. Kenaka ndinaiona nyanja. Ndinafunsa kuti tsidya lili kuti, amuna anga anaseka.

"Lilipo. Mulungu sanaiwale."

M'mawa mwake tinakwera. Pansi pa boti sipakhazikika, pamapuma ngati mimba ya ng'ombe. Pakati pali kanyumba kotsikira pansi, muli mabedi awiri ndi pulayimasi yophikirapo. Anandikhazika pakhomo pa kanyumbako, anati ndisaimirire. Tinanyamuka ndi thanga laling'ono. Ndinaona zonse zija za pa mtengo wa pichesi, mawaya, tigudumu tiwiri mbali iliyonse, ndi chitsulo chozungulira chokhala ndi chogwirira chimene amakulungapo chingwe akafuna kukoka mwamphamvu. Ndinkangoyang'ana mapiri athu akuchepa kumbuyo.

Dzuwa litakwera mphepo inafooka. Bwana, amene anali pa chiwongolero, anati m'Chinyanja chake chija, "Alufeo, thanga lalikulu."

Amuna anga anatsitsa laling'ono, anachotsa zingwe zake, anakokera thumba lalikulu kutsogolo. Anamasula kukamwa. Anatulutsa chingwe choyamba, chikuyenda m'manja mwawo, anachipititsa kunja kwa mawaya mpaka m'kagudumu ka kumbuyo. Anatulutsa chachiwiri. Chinayenda m'manja, chinayenda, kenaka manja anaima.

Ndinaiona. Mfundo yaikulu ngati chibakera cha mwana, yomangidwa monga timangira chingwe cha goli chikaduka.

Amuna anga anaipondapo ndi phazi. Anayang'ana bwana. Bwana anali kuyatsa kaliwo wake. Kenaka anandiyang'ana ine. Nkhope imene ndinaiona pamenepo sindinaionepo chikwatiwire. Anabwera ngati akudzatenga kanthu m'kanyumba, anagwada pafupi nane.

"Mwaona?" ndinanong'ona.

"Khalani chete."

"Auzeni bwana."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti akulu anga anaba chingwe n'kuchidula? Mawa apolisi ali ku Mphunzi."

"Masulani mfundoyo."

"Yauma. Ndipo nditamasula, chotsalacho sichikwana."

"Ikani zija zazifupi."

"Sizifika, ndinakuuzani."

"Nenani kuti thanga lang'ambika."

"Alifunsa alione."

Bwana anaitana, "Alufeo, wagona?"

"Ndikubwera, bwana." Anandigwira bondo. "Tikuyenda mphepo ili kumbuyo, chingwe chikhala chotayirira, mfundo ikhala kutali ndi kagudumu. Tisanatembenuke ndiwauza tibwezere laling'ono. Inu musanene kanthu, amake Monika. Zivute zitani. Akulu anga angakalowe ndende chifukwa choika amayi."

Anakweza thanga. Linafufuma, loyera, ndi zigamba zanga zomwe. Boti linayamba kuthamanga, madzi akulira m'mbali. Chingwe chamfundocho ndicho chinagwira thanga. Bwana anakhala mbali inayo, kanyumba kanamutchinga, sanaone kanthu. Ine pakhomo paja ndinali kuiona bwinobwino. Inali kulendewera pamwamba pa madzi, kutali ndi kagudumu ngati kuchokera pakhonde kufika pa nkhokwe.

Bwana anapempha tiyi. Ndinapopa pulayimasi, machesi akuthyoka. Ndikathira madzi ndisuzumire, ndikaika masamba ndisuzumire. Mfundo ili pomwepo, ikuvina. Bwana anamwa, anati tiyi wabwino, anafunsa ngati ndikuopa.

"Pang'ono, bwana."

"Boti ili silimira. Funsa mwamuna wako."

Amuna anga anaseka ndi mano okha.

Dzuwa lili pamutu, mtunda utasanduka kamzere, bwana analoza kummwera. Madzi kumeneko anali atada, mzere wakuda wokhala ndi timitu toyera.

"Mwera," anatero amuna anga. "Bwana, titsitse lalikulu."

"Ukali kutali. Tithamange ndi lalikulu tikabisale kuseri kwa chilumba icho. Ukatipeza, utaya chingwe basi. Koka."

Bwana sanalakwe. Chingwe chikanakhala chathunthu, mawu ake anali oona. Anakhotetsa boti kuloza kuchilumba, mphepo inabwera cham'mbali chakutsogolo, thanga linayamba kukupiza. Kuti ligwirenso mphepo linayenera kukokedwa pafupi. Amuna anga anakulunga chingwe pa chitsulo chija, anayamba kupukusa. Chitsulo chimalira kuti ke, ke, ke. Kulira kulikonse mfundo inasendera.

Ndinaluma nsalu yanga. Ndinayesa kupemphera Atate wathu, mawu anathawa, ndinangotsala ndi "wa kumwamba, wa kumwamba." Mfundo inatsala ngati mikono iwiri kuti ifike pa kagudumu. Mkono umodzi. Amuna anga analeka.

"Pakwana, bwana."

"Likukupizabe. Koka."

"Bwana, laling'ono lingatithandize."

"Nthawi palibe. Koka."

Anapukusa kamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wonyamula dzira pa supuni. Analekanso. Thukuta linali kugwa pachibwano. Bwana anayang'ana mzere wakuda uja, unali utayandikira, anatukwana m'Chizungu, anagwira chiwongolero ndi bondo, anatambasula dzanja n'kulanda chogwirira. Maso ake anali kumwamba pa thanga. Anapukusa mwamphamvu.

Ndinatsegula pakamwa. Amuna anga anandiyang'ana, anapukusa mutu.

Mfundo inalowa m'kagudumu. Sinadutse. Inadzipanikiza m'kabowo ngati chitsekerero cha botolo, chitsulo chinalira komaliza n'kuuma.

"Eya," anatero bwana. "Tsopano lagwira."

Mphepo inayamba yaleka kaye. Kunangoti zii, ndinamva supuni ikugubuduzika m'kanyumba. Kenaka inafika. Sindinamvepo chinthu chotero, ngakhale chimphepo chija chinasasula tchalitchi. Inamenya thanga, boti linapendekeka, ketulo ndi makapu zinauluka. Bwana anakuwa kuti taya, amuna anga anamasula chingwe pa chitsulo n'kuchiponya. Chinagwa pansi ngati njoka yakufa. Sichinathamange. Thanga linakhalabe lodzaza, likutikokera pansi.

Boti linagona. Mbali imene inali khoma inasanduka pansi. Madzi obiriwira anakwera m'mphepete, anadzaza pokhala, anayamba kutsikira m'kanyumba kudutsa pa miyendo yanga. Ndinakumbatira chitseko. Pansi panga panalibe thabwa, panali nyanja, ndinaiyang'ana m'kati mwake, ilibe pothera. Ndinadzikodzera, sindibisa. Ndinaitana Monika, ndinaitana Ezara, ngati angandimve ku Mphunzi. Bwana anali kulendewera pa chiwongolero, nkhope itayera ngati ufa, akukankha koma boti silimva.

Amuna anga anasolola mpeni wawo wa m'chiuno. Anandidutsa, phewa lawo linakhudza tsaya langa.

"Gwiritsani, amake Monika."

Ndiwo mawu omaliza. Anatsetserekera kumunsi, madzi m'chiuno, dzanja limodzi pa waya. Munthu woopa ngakhale kuwoloka Linthipe pa mlatho wa mitengo. Anafika pa kagudumu, mutu ukumira ndi kutuluka. Anacheka chingwe kutsogolo kwa mfundo. Chinali cholimba ngati chitsulo, ndinaona ulusi ukuduka umodziumodzi.

Chinaduka ndi kulira ngati mfuti. Thanga linaulukira kunja, boti linayamba kudzuka, madzi akukhuthuka. Amuna anga anaimirira, anatembenuka kuti akwere. Thanga lija linabwerera ngati chikoti. Mphete ya mkuwa ya pa ngodya inawamenya apa, pamwamba pa khutu. Sanalire. Anangosiya waya n'kugwa chagada.

Ndinaona chipewa chawo. Ndinaona dzanja kamodzi, kapena linali funde, sindidziwa.

Bwana anaponya chinthu choyandama, anathamangira kutsogolo kukagwetsa thanga, anabwerera, anatembenuza boti. Ine ndinali kuloza ndi chala pamene anagwera, koma pa nyanja palibe pamene. Mafunde onse ndi amodzi. Tinazungulira, tinazungulira, bwana akuitana dzina lawo mpaka mawu anasasa. Ine sindinathe kuitana. Nthawi iliyonse boti likapendekeka ndinkati tsopano ndi ine, ana atsala okha. Chipewa tinachitola.

Titafika kumtunda, bwana anatenga chitsulo chomasulira, anazula mfundo m'kagudumu. Anaitembenuza m'manja.

"Wamanga ichi ndani?"

Ndinamva dzanja la amuna anga likadali pa bondo langa. Ndinati, "Sindidziwa, bwana."

"Alufeo anadziwa?"

Ndinatembenukira kunyanja. Anaiponya pansi, anakhala pa mchenga atagwira mutu. Ine ndinaitola, ndinaimanga kunsonga ya nsalu.

Asodzi anafunafuna, sanawapeze. Kuno munadula thunthu la nthochi, munalikulunga m'nsalu, munaliika pafupi ndi amayi awo. Tsiku limenelo luzi linapezeka lotsitsira, palibe amene anachita nalo manyazi. A Timoteyo analira kuposa aliyense, anachita kuwagwira anthu awiri. Ine ndinakhala chete. Ndinati amuna anga anafera kubisa akulu awo, ine sindiulula, Mulungu ndiye aweruze.

Sabata zitapita ndinaona zinthu zikusintha. Pachitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Ndikapereka moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Mkazi wa a Timoteyo analeka kutuma ana kudzapala moto kwathu. Tsiku lina Monika anabwera kuchokera kusukulu, osadya, anakhala kuseri kwa nkhokwe. Nditamufunsa anati, "Amayi, n'zoona kuti munawapereka ababa kwa zam'madzi?"

Ndinamufunsa amene wanena. Anati ana onse, ndipo iwo anamva kwa atate aakulu.

Madzulo ake dzuwa likadalipo a Timoteyo anabwera okha, anakhala pa mpando wa amuna anga osaupempha. Ine ndinakhala pansi pakhonde.

"Mlamu, anthu akulankhula."

"Ayamba ndi ndani, alamu?"

"Munapita awiri, mwabwera nokha."

"Tinapita atatu."

"Mzungu ndi nsomba, amasambira. Inu munaphunzira kuti? Mwamuna wodziwa boti madzi amutenga, mkazi woti sanaonepo nyanja madzi amukana. Ngakhale mtembo osaoneka. Mwauika kuti?"

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga mfundo, ndinaiika pansi pakati pathu.

Anaiyang'ana. Anayang'ana kunjira ngati kukubwera munthu.

"N'chiyani chimenechi?"

"Mukuchidziwa. Chinakakamira m'kagudumu. Ang'ono anu anachiona, anachiponda ndi phazi kuti bwana asadziwe dzina lanu."

"Ndinatenga zingwe ziwiri, ndinabweza ziwiri."

"Munadula chimodzi."

"Ndidulirenji? Bokosi limatsika ndi ziwiri. Mfundo imeneyo anamanga Alufeo, kapena mwamanga nokha dzulo."

"Kandani mkati mwake ndi chikhadabo. Kunja munachapa ndi sopo, koma mkati muli katondo wofiira. Kunyanja mchenga ndi woyera, alamu. Katondo ameneyo ndi wa pa manda a amayi anu."

Sanakande. Anatambasula dzanja kuti atenge, ndinayamba ndine kutola.

"Patseni."

"Ayi."

Anaimirira. Analankhula motsitsa, ngati akupereka moni. "Kwanu ku Linthipe ana ndi a mayi. Kuno ana ndi a ng'ombe, ndipo ng'ombe tinapereka. Sindingasiye magazi a mng'ono wanga m'manja mwa mkazi wotere. Tikameta, muzipita. Mukachita makani, mudzi ukudziwa chochita ndi mfiti."

Chichokereni tsiku limenelo mfundoyi ndimaimanga m'chiuno, pansi pa nsalu. Kumunda ndimapita ndi ana onse awiri, Monika ndamuletsa sukulu. Galu akauwa ndimaponya khasu n'kugwira Ezara. Dzana tinapeza chitseko chathu chotsegula, mphasa zitatembenuzidwa, madengu atakhuthulidwa, koma sanabe kanthu, ngakhale mchere. Wofunayo anali kufuna chinthu chimodzi. Ezara akutsokomola, ndipo ndikuopa kuti akangodwala mudzati ndayamba kudya ana. Ndikatseka maso ndimaona madzi obiriwira aja, ndikatsegula ndimaona njira yochokera kwa a Timoteyo. Sindidziwa chimene ndikuopa kwambiri.

Tsopano mverani. Ine sindikunena kuti a Timoteyo anafuna kupha mng'ono wawo. Kuno chingwe chikaduka timalumikiza, ng'ombe imakoka, mtolo umamangika, palibe amafa. Iwo anaona ngati n'chimodzimodzi. Akanati, Alufeo, ndinadula, pepa, amuna anga akanapita kwa mmwenye ku boma kukafuna china, kapena akanaluka bwino monga amachitira a pa boti, lero bwenzi ali moyo. Anafunsidwa pamaso pa anthu, ananama. Ndipo tsopano akuona kuti ine ndikakhala m'mudzi muno bodza lawo lili ndi mboni, ndiye akufuna ndichoke ndi dzina la ufiti kuti mawu anga asamveke kulikonse.

Njira ya kwa Bwana Kachewere ndikuidziwa. Anandifunsa funso, sindinamuyankhe, ndipo yankho lili m'chiuno mwangamu. Sindinapiteko chifukwa amuna anga anandigwira bondo. Ndende ya a Timoteyo sindiifuna, singandibwezere munthu. Ndikufuna ana anga ndi dzina langa. Koma likafika Lachisanu muli chete, ndidzabereka Ezara, ndidzagwira Monika pa dzanja, ndidzayenda wapansi mpaka pa famu, ndipo zotsatira zake mudzasenza ndinu.

A Timoteyo akuti zingwe zinali ziwiri ndipo sanadule. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, sindinaone. Inu munaona. Thanga lili ndi zingwe ziwiri zokha. Ngati pansi pa bokosi panadutsa zitatu, kumutu, pakati ndi kumiyendo, ndiye kuti chimodzi chinadulidwa, ndipo mpeni unali m'manja mwa munthu.

A Gervazio, munatsikira m'manda ndinu kukalandira bokosi. A Ignasio, munali kumutu, ndipo ndinamva munayamikira kuti chingwe chake sichipweteka m'manja. A Vinsenti, inu ndi mkulu wa mpingo, munaima pambali ndi buku la nyimbo, maso anu ndi abwino. Chingwe chilichonse chimagwiridwa ndi anthu awiri, wina uku wina uko. Musandiuze za mwambo, musandiuze kuti ndidekhe, musanditumizire amayi a chigwirizano kudzandipempherera. Imirirani pamaso pa Monika ndi Ezara munene: ogwira zingwe tsiku lija munali anayi kapena asanu ndi mmodzi? Ndiyankheni.